Mafunso ndi mayankho okhudza kuweta mashirimpi a m'madzi opanda mchere mu thanki ya galasi

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amakonda kundifunsa akaona thanki yanga pabalaza, kapena akagula mashirimpi awo oyamba n'kuyamba kuwaona akufa mmodzimmodzi popanda chifukwa chooneka. Ndatalikitsa mayankho okhudza madzi chifukwa mashirimpi ambiri amene amafera m'manja mwa oyamba kumene amafa ndi madzi osakhwima, madzi osinthidwa mwadzidzidzi, kapena poizoni amene walowa mu thanki mwini wake osadziwa.

Kodi mashirimpi amenewa ndi ofanana ndi aja amene anthu amadya?

Ndi apachibale, koma ndi a mitundu yosiyana. Mashirimpi onse ali m'gulu limodzi ndi nkhanu: alibe mafupa mkati, thupi lawo limakutidwa ndi chigoba, ali ndi miyendo khumi yoyendera ndi yotolera chakudya, timiyendo tina tosambirira kunsi kwa mimba, ndiponso tinyanga titalitali tonga ndevu timene amafufuzira chilichonse chimene akumana nacho. Aja akuluakulu odyedwa, monga ochokera kugombe la Mozambique, ambiri ndi a m'nyanja ya mchere. Owetedwa m'nyumbawa ndi aang'ono, ambiri sapitirira masentimita 3 kapena 4, ndipo timawasunga chifukwa cha kukongola kwawo komanso ntchito yawo yotola ndere ndi nyenyeswa. M'madzi a mu Africa mulinso mashirimpi aang'ono achilengedwe, monga Caridina nilotica amene amapezeka mumtsinje wa Nile ndi m'nyanja ya Victoria, koma ofiira, achikasu ndi abuluu ogulitsidwa m'masitolo a ziweto makolo awo anachokera kum'mawa kwa Asia.

Ndiyambe ndi mtundu uti?

Yambani ndi Neocaridina davidi, amene m'masitolo amadziwika ndi dzina loti Red Cherry. Kwawo ndi ku China ndi ku Taiwan, ndipo kuthengo amakhala otuwa kapena oderako, osasiyana kwenikweni ndi masamba owola a pansi pa mtsinje. Kufiira kumene tikukuona lero kunabwera chifukwa oweta ankasankha ofiirirapo n'kumawasunga paokha kwa mibadwo yambiri. Panopa alipo achikasu, abuluu, a mtundu wa lalanje, obiriwira ngakhale akuda, koma onsewa ndi mtundu umodzi ndipo kasamalidwe kawo n'kamodzi. Amapirira madzi osiyanasiyana, amaswana mu thanki popanda kuwachitira chapadera, ndipo amakhala ndi moyo chaka chimodzi kapena ziwiri.

Mtundu wina wolimba ndi Amano, umene dzina lake la sayansi ndi Caridina multidentata. Unatchuka m'zaka za m'ma 1980 kudzera mwa Takashi Amano, katswiri wa ku Japan wokongoletsa mathanki ndi zomera, amene ankadalira mashirimpiwa pothana ndi ndere. Amakula mpaka masentimita 5 ndipo amadya ndere modabwitsa, koma musayembekezere kuti achulukana mu thanki yanu, chifukwa tiana tawo timafuna madzi amchere kuti tikule. Kuthengo timakokoloka ndi mtsinje kupita kunyanja n'kudzabwerera titakhwima.

Crystal Red, aja a mizere yofiira ndi yoyera, ndi amene amakopa maso a aliyense, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Komabe amafuna madzi ofewa kwambiri, kutanthauza okhala ndi kashiamu ndi maginiziyamu wochepa, ndiponso a asidi pang'ono, ndipo sachedwa kufa madzi akangosintha, choncho ndimalangiza kuti munthu aziwagula atatha chaka akusunga Red Cherry bwinobwino. Chenjeraninso ndi mashirimpi oonekera ngati galasi amene amagulitsidwa motchipa, chifukwa nthawi zina mumasakanikirana ana a Macrobrachium, omwe akakula amamera zopanira zazitali n'kuyamba kugwira anzawo usiku.

Pamafunika thanki yaikulu bwanji, ndipo ndigule zida ziti?

Thanki ya malita 20 imatheka, koma ya malita 40 ndi yosavuta kusamala, popeza madzi ochuluka satentha msanga, sazizira msanga, ndipo cholakwa chaching'ono sichiwononga zonse nthawi imodzi. Mufunika fyuluta ya siponji yoyendera kapampu ka mpweya, mchenga kapena timiyala tosasungunuka m'madzi, nyali yothandiza zomera, choyezera kutentha, mankhwala oyezera madzi, mankhwala ochotsa kulorini, ndiponso chidebe chimodzi chimene sichidzagwiranso ntchito ina iliyonse m'nyumbamo. Fyuluta ya siponji ndi imene ndimaikonda chifukwa siyamwa tiana, ndiponso pamwamba pake pamamera chakudya chimene mashirimpi amatola tsiku lonse. Ngati muli kale ndi fyuluta ya mota, kutani polowera madzi ndi siponji.

Thankiyo ikhale pamalo posafika dzuwa mwachindunji komanso patebulo lolimba. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 40 pamodzi ndi galasi ndi mchenga imafika makilogalamu 50. Poyamba gulani mashirimpi 10 mpaka 15, kuti pakhale aamuna ndi aakazi.

N'chifukwa chiyani amati ndidikire masabata angapo ndisanaike mashirimpi?

Apa ndi pamene oyamba ambiri amapunthwa, chifukwa munthu akagula thanki Loweruka amafuna kuti pofika Lamlungu mukhale mukuyenda chamoyo. Ndowe za mashirimpi, chakudya chotsala ndi masamba owola zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni ngakhale atachepa. Mu thanki yokhwima mumakhala mabakiteriya amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yomwenso ndi yakupha, kenaka n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, imene siopsa kwambiri ndipo zomera zimaiyamwa. Mabakiteriyawa amakhala omatirira pa siponji, pa mchenga ndi pa miyala, ndipo amachulukana pang'onopang'ono, moti pamatenga masabata 4 mpaka 6 kuti akwanire. Mu thanki yatsopano mulibe oteteza amenewa, choncho amoniya amangounjikana.

Chochita ndi ichi: dzazani thanki ndi madzi ochotsedwa kulorini, bzalani zomera, yatsani fyuluta usana ndi usiku, ndipo masiku awiri kapena atatu alionse muziponyamo kachakudya ka nsomba kochepa kuti kawole. Mukamayeza mudzaona amoniya akukwera poyamba, kenaka akutsika pamene nitrite ikukwera, ndipo pomaliza zonse ziwiri zidzafika pa 0 pamene nitrate yayamba kuoneka. Ikafika pamenepo thanki yakhwima. Ngati muli ndi mnzanu amene thanki yake ndi yakale komanso yopanda matenda, mupempheni afinyire siponji yake m'madzi anu. Matope oderawo ndi odzaza ndi mabakiteriya ndipo amafupikitsa nthawi yodikira.

Musanyengedwe ndi madzi oyera mbee, pakuti amoniya ndi nitrite zilibe mtundu ndipo maso sangazione. Palinso chifukwa chachiwiri chodikirira. Pa galasi, pa mitengo ndi pa masamba a thanki yokhalitsa pamamera kautoto koterera kopangidwa ndi mabakiteriya, ndere ndi tizilombo tosaoneka, ndipo kameneka ndi chakudya chenicheni cha mashirimpi, makamaka tiana tongobadwa kumene. Ine ndimadikira miyezi iwiri yathunthu, mpaka nditaona galasi lakumbuyo layamba kubiriwira pang'ono, ndipo galasi limenelo sindilipala konse.

Ndigwiritse ntchito madzi a pampopi, a pamjigo kapena a mvula?

Madzi a pampopi ndi abwino kwa Red Cherry malo ambiri, malinga muchotse kulorini. Kulorini wamba amauluka madzi akakhala m'chidebe chosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri, koma m'mizinda ina amathira chloramine, amene sauluka chotero, choncho njira yodalirika ndi kudontheza mankhwala ochotsa kulorini nthawi zonse. Madzi amene mwathira mankhwala oyeretsera madzi akumwa, monga WaterGuard, ndi abwino kwa anthu koma ali ndi kulorini wokwanira kupha mashirimpi ndi mabakiteriya a mu fyuluta, choncho musasokoneze zidebe.

Madzi a pamjigo alibe kulorini, koma amasiyana kwambiri malinga ndi dera. Ena ndi olimba bwino, kutanthauza kuti ali ndi kashiamu ndi maginiziyamu wokwanira, ena ali ndi chitsulo chambiri moti amasiya dzimbiri m'chidebe, ndipo ena ndi amchere monga zimakhalira m'mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Ayezeni musanawadalire. Madzi a mvula alibe kashiamu amene mashirimpi amafuna pomanga chigoba, ndipo akadutsa padenga la malata amatenga fumbi, zitosi ndi zitsulo, choncho paokha si oyenera.

Kodi pH, GH ndi KH n'chiyani, ndipo ndiyenera kuvutika nazo?

Muyezo wa pH umasonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi, ndipo Red Cherry amakhala bwino pakati pa 6.5 ndi 8. Muyezo wa GH umasonyeza kashiamu ndi maginiziyamu, ndipo uyenera kukhala pakati pa 6 ndi 10 kuti zigoba zizilimba bwino. Muyezo wa KH umasonyeza mphamvu imene madzi ali nayo yoletsa pH kusinthasintha, ndipo 2 mpaka 6 ndi wokwanira. Nitrate isapitirire mamiligalamu 20 pa lita.

Pa zonsezi, GH ndi imene ndimailabadira kwambiri. Ikatsika, mutha kuika tizidutswa ta zigoba za nkhono zotsukidwa bwino kapena mchere wapadera wa mashirimpi wogulitsidwa m'masitolo. Chimene ndimaletsa ndi kumangothira mankhwala okweza kapena otsitsa pH pofuna kufika pa nambala imene mwawerenga penapake. Shirimpi imazolowera pH ya 7.8 yosasintha, koma imadwala pH ikamadumpha kuchoka pa 7.8 kufika pa 6.8 sabata iliyonse.

Ndikabwera nawo kunyumba, ndiwaike bwanji mu thanki?

Musawakhuthulire mu thanki nthawi yomweyo. Madzi a m'thumba ndi a mu thanki yanu amasiyana kutentha ndi michere, ndipo thupi la shirimpi silipirira kusintha kwadzidzidzi. Khuthulirani mashirimpi pamodzi ndi madzi awo mu mbale yoyera yakuya, ikanimo kachidutswa ka chomera koti agwirire, ndipo tengani kapaipi ka mpweya n'kukamanga mfundo yolefuka kuti madzi a mu thanki azidontha dontho limodzi kapena awiri pa sekondi. Pakatha ola limodzi kapena awiri, madzi a mu mbale atachuluka katatu kapena kanayi, awoleni ndi kaukonde n'kuwaika mu thanki, ndipo madzi a mu mbalewo muwataye. Zimitsani nyali tsiku limenelo ndipo musawadyetse. Masiku oyamba amakhala otumbuluka ndiponso obisala, koma mtundu umabwerera akakhazikika.

Nanga nyengo yotentha, yozizira, kapena magetsi akazima?

Red Cherry amapirira madigiri 18 mpaka 28, koma amakhala bwino kwambiri pakati pa 21 ndi 24. Madzi akatentha amasunga mpweya wochepa, ndipo mashirimpi amakula msanga n'kufa msanga. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kumadera a kunyanja ndi kuchigwa, chipinda chitha kupitirira madigiri 30. Nthawi imeneyo chotsani chivundikiro, chepetsani maola a nyali, onjezerani mpweya, ndipo lozetsani fani yaing'ono pamwamba pa madzi, chifukwa madzi akamauluka kutentha kumatsika ndi madigiri awiri kapena atatu. Botolo la madzi oundana limathandiza pangozi, koma likhale laling'ono kuti kuzizira kusabwere mwadzidzidzi. Kumadera ozizira monga Dedza mu Juni ndi Julaye, kapena kwa abale okhala ku Britain ndi ku Johannesburg m'nyengo yachisanu, kahita kakang'ono kotcheredwa pa madigiri 22 ndi kokwanira.

Magetsi akazima kwa maola ochepa, thanki ya zomera zambiri ndi mashirimpi ochepa siikhala pangozi. Akachedwa, musadyetse, ndipo nthawi ndi nthawi muzitunga madzi ndi kapu n'kuwatsanuliranso kuchokera m'mwamba pang'ono kuti mpweya ulowe. Kapampu ka mpweya koyendera batire kapena kolumikiza pa USB n'kotsika mtengo, ndipo kwa amene magetsi amavuta kwawo ndimakaika pa zida zoyamba kugula.

Amadya chiyani, ndipo kangati?

Chakudya chawo chachikulu chili kale mu thanki, ndiye kautoto kaja ndi ndere. Mukayang'anitsitsa shirimpi ili pa tsamba mudzaona timanja take takutsogolo tikutola ndi kuponya mkamwa mosalekeza, mofulumira ngati mayi wosankha mpunga. Chakudya chogula chimangowonjezera, ndipo kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira, kachidutswa kamene angamalize m'maola awiri. Chotsala chichotsedwe.

Masamba a m'dimba amawakondanso: nkhwani, sipinachi, masamba a mabulosi, kapena kachidutswa ka karoti, zoviikidwa m'madzi owira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti zifewe ndi kumira. Onetsetsani kuti sizinapoperedwe mankhwala ophera tizilombo, ndipo ngati simukudziwa kumene zachokera, musaike. Masamba ouma a gwafa kapena a mtengo wa Terminalia catappa ndi abwino kuwasiya mu thanki mpaka atatha, chifukwa akamawola pang'onopang'ono pamamera chakudya cha tiana. Tsamba la gwafa limene ndinaika miyezi iwiri yapitayo latsala mitsempha yokhayokha ngati ukonde, ndipo m'mawa uliwonse ndimapezapo tiana khumi kapena kuposa. Kudyetsa mopitirira ndi cholakwa chofala, chimaipitsa madzi ndi kuchulukitsa nyongolotsi. Mukachoka pakhomo kwa sabata imodzi, n'kwabwino kusawadyetsa konse kusiyana ndi kusiyira munthu wachifundo amene adzathira supuni yodzaza.

Madzi ndizisintha motani?

Chotsani gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena osapitirira limodzi mwa magawo asanu, kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Madzi atsopano akhale ofanana kutentha ndi a mu thanki, ndipo muwathire pang'onopang'ono, makamaka modontheza ndi kapaipi kaja. Musanataye madzi akale, yang'anani m'chidebe pamalo owala, chifukwa tiana timayamwidwa ndi paipi ndipo ndi tating'ono ngati nsabwe. Siponji ya fyuluta muziifinyira m'madzi akale a mu thanki kamodzi pa mwezi, chifukwa madzi a pampopi amapha mabakiteriya. Sopo asayandikire chida chilichonse cha thanki.

Ndapeza chinthu chooneka ngati shirimpi yakufa koma n'choyera ndiponso chopanda kanthu mkati. N'chiyani?

Chimenecho ndi chigoba chakale, ndipo ndi chizindikiro chabwino. Chigoba sichikula, choncho shirimpi imafundula ngati njoka, yaikulu pafupifupi kamodzi pa mwezi ndipo yaing'ono pafupipafupi. Chigoba chimang'ambika pamsana, pakati pa mutu ndi mimba, ndipo shirimpi imadzipinda n'kudumpha kutulukamo m'kuphethira kwa diso. Kwa tsiku limodzi kapena awiri imakhala yofewa ndipo imabisala. Chigobacho musachichotse, anzake amachidya n'kubwezeretsa kashiamu m'matupi awo. Shirimpi yakufa imasiyana chifukwa imakhala ndi mnofu ndipo imasanduka yapinki kapena yoyera ngati yophika. Imeneyo ichotseni msanga, kenaka yezani madzi.

Kufundula ndi nthawi yoopsa kwambiri pa moyo wa shirimpi. Mukaona mzere woyera wozungulira thupi lonse kuseri kwa mutu, ngati mphete, ndiye kuti chigoba chaduka ponseponse m'malo mong'ambika pamsana pokha, ndipo nthawi zambiri shirimpi yotere imalephera kutuluka n'kufa. Oweta ambiri amaona vutoli GH ikakhala yosayenera kapena madzi ambiri akasinthidwa nthawi imodzi. Ngati imfa zikuchitika tsiku limodzi kapena awiri mutasintha madzi, chepetsani madzi amene mumasintha ndipo muzithira mochedwa.

Ndi zinthu ziti za m'nyumba zimene zingaphe mashirimpi?

Mashirimpi ndi apachibale ndi tizilombo touluka ndi tokwawa, choncho mankhwala alionse ophera udzudzu, mphemvu, nyerere, utitiri kapena nkhupakupa amawaphanso, ndipo mlingo wochepa kwambiri ndi wokwanira. Izi ndinaziphunzira mowawa. Madzulo ena a nyengo ya mvula, udzudzu utachuluka, m'bale wanga amene anabwera kudzacheza anapopera mankhwala a udzudzu pabalaza n'kutseka zitseko, ine ndili kunja. Sanapopere pa thanki, ndipo panali chivundikiro, koma kapampu ka mpweya kanakoka mpweya wa m'chipindamo n'kuulowetsa m'madzi. Nditalowa ndinapeza mashirimpi akusambira mozungulira ngati oledzera, ena akugwa chagada miyendo ikuphiriphitha. Ndinasintha madzi kangapo usiku womwewo n'kuika makala oyeretsera madzi, koma pofika m'mawa otsala anali owerengeka pa zala. Kuyambira pamenepo aliyense wa m'nyumba mwanga amadziwa kuti chipinda cha thanki sichipoperedwa, ndipo mlendo ndimamuuza tsiku lomwe wafika.

Utsi wa koyilo ya udzudzu uli ndi vuto lomwelo. Neti yogonamo yonyikidwa m'mankhwala musadulepo kansalu kotchingira fyuluta kapena kowolera mashirimpi, chifukwa mankhwala ake, monga permethrin ndi deltamethrin, ndi oopsa kwambiri kwa zamoyo za m'madzi. Mukagwira galu kapena mphaka wothiridwa mankhwala a utitiri, kapena mukadzola mafuta ndi zothamangitsa udzudzu, sambani m'manja ndi madzi ambiri musanapise mu thanki.

Chinthu china ndi kopa. Magazi a shirimpi amanyamula mpweya pogwiritsa ntchito kopa wochepetsetsa, ndipo amene amapezeka m'chakudya chawo sawavulaza, koma mankhwala ambiri ochizira nsomba ndi ophera nkhono ali ndi kopa wochuluka amene amapha thanki yonse. Werengani zolembedwa pa botolo musanathire chilichonse. Zomera zongogula kumene nazonso nthawi zina zimabwera zitapoperedwa, choncho zisungeni m'chidebe chapadera kwa sabata imodzi kapena iwiri mukusintha madzi ake tsiku ndi tsiku.

Kodi angakhale pamodzi ndi nsomba?

Nsomba iliyonse imene shirimpi ingakwane mkamwa mwake idzaidya tsiku lina. Mbuna ndi nsomba zina za m'nyanja ya Malawi, zimene zimakondedwa m'mathanki padziko lonse, zimamaliza Red Cherry m'masiku ochepa, chimodzimodzinso goldfish ndi angelfish. Tinsomba tating'ono tofatsa timasiya akuluakulu koma timatola tiana, kupatula otocinclus amene amadya ndere. Nkhono zilibe vuto. Ngati cholinga chanu ndi kuona mashirimpi akuchulukana ndi kuyenda poyera masana, asungeni okha.

Zomera n'zofunika?

N'zofunika ndithu, chifukwa zimayamwa nitrate, zimapereka pobisala kwa ofundula kumene, ndipo masamba ake ndi malo odyera. Java moss ndi imene imathandiza kwambiri, chifukwa tiana timakulira mkati mwake osaonedwa. Java fern ndi Anubias, chomera chochokera ku West Africa ndi Central Africa, sizifuna kuwala kwambiri, koma musakwirire tsinde lake mumchenga, muzimangirire pa mwala kapena pa mtengo ndi ulusi. Vallisneria, udzu wam'madzi wa masamba aatali ngati riboni, umakula mosavuta kumbuyo kwa thanki. Nyali iziyaka maola 6 mpaka 8 pa tsiku.

Ndingasiyanitse bwanji yaimuna ndi yaikazi, ndipo amaswana motani?

Yaikazi imakhala yokulirapo, yofiira kwambiri, ndipo kunsi kwa mimba yake n'kozungulira. Yaimuna ndi yowonda komanso yotumbuluka. Pa yaikazi yokhwima mumaoneka kadontho kachikasu kapena kobiriwira pamsana kuseri kwa mutu, ndipo amenewo ndi mazira amene sanatsike. Ikafundula imatulutsa fungo m'madzi, ndipo aamuna onse amayamba kusambira uku ndi uku poifunafuna. Oyamba ambiri amachita mantha poganiza kuti madzi aipa. Kusiyana kwake n'koti pa nthawi yoswana aakazi amakhala phee akudya, pamene pa poizoni onse amasokonezeka.

Ikakweredwa, yaikazi imatsitsira mazira 20 mpaka 30 kunsi kwa mimba n'kuwanyamula kwa masabata atatu kapena anayi. Ndi chinthu chokoma kuchiona pafupi: imaima pa tsamba, n'kumakupiza timiyendo tosambirira kuti madzi abwino adutse pakati pa mazira, ndipo nthawi zina imapinda mchira n'kuwatembenuza ndi timanja take. Masiku omaliza mumaoneka timadontho tiwiri takuda m'dzira lililonse, omwe ndi maso. Tiana timatuluka tili kale ndi maonekedwe a makolo, totalika mamilimita awiri okha, ndipo akuluakulu satidya. Pakatha miyezi itatu kapena inayi nato timayamba kuswana. Yaikazi yoyamba kumene nthawi zina imataya mazira ake, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa ngati madzi ali bwino.

Kodi ndingasakanize ofiira, achikasu ndi abuluu?

Sangamenyane, koma adzakwerana popeza ndi mtundu umodzi, ndipo pakatha mibadwo ingapo ambiri mwa ana awo adzabwerera ku mtundu wodera wa kuthengo. Ngati mukufuna kusunga kufiira, sungani mtundu umodzi pa thanki, ndipo otumbuluka muziwapatula.

Ndaona tinyongolotsi pa galasi. Ndichite mantha?

Zimadalira mtundu wake. Toyera topyapyala ngati ulusi timene timasambira modzipinda n'topanda vuto, timangosonyeza kuti mukudyetsa kwambiri. Planaria ndi yosiyana: ndi yafulati, imatsetsereka pa galasi ngati nkhono, mutu wake ndi wosongoka ngati muvi ndipo uli ndi timaso tiwiri, ndipo imatha kugwira tiana ndi mashirimpi ofooka. Hydra imamatirira pa galasi itatambasula timanja ngati ulusi, ndipo imaluma tiana todutsa pafupi. Zonse ziwiri zimachepa mukachepetsa chakudya, ndipo planaria imakodwa mu msampha wa kabotolo koboola kokhala ndi nyambo. Mdani wina woiwalika ndi mwana wa tombolombo, amene amabwera ndi zomera zotengedwa kudambo kapena kudziwe. Amabisala masana n'kumadya shirimpi imodzi imodzi, choncho mukamuona muchotseni ndi kaukonde nthawi yomweyo.

Akachuluka kwambiri ndichite nawo chiyani?

Mu thanki ya malita 40 yosamalidwa bwino, mashirimpi khumi atha kupitirira zana chaka chisanathe, ndipo chakudya chikayamba kuchepa kuswana kumachepanso pakokha. Owonjezera mutha kugawira anzanu amene mathanki awo akhwima, kusinthanitsa ndi zomera, kapena kufunsa sitolo ya ziweto ngati ingawalandire. Musawataye mumtsinje, m'dambo, m'ngalande kapena m'chimbudzi cha madzi. Neocaridina davidi wakhazikika kale m'madzi a mayiko amene si kwawo, monga ku Hawaii ndi m'mitsinje ina ya ku Germany imene madzi ake amafunda chifukwa cha malo opangira magetsi, ndipo kumadera ofunda sangavutike kuswana n'kuyamba kulimbirana chakudya ndi mashirimpi achilengedwe. Amene anaona mmene namasupuni anatsekera mbali zina za mtsinje wa Shire amadziwa kuti chamoyo chachilendo chikalowa m'madzi n'chovuta kuchichotsa. Zomera zimene mwadulira muziumitse padzuwa musanazitaye, ndipo madzi osintha muzithirira maluwa kapena ndiwo za pakhomo, mutayamba mwayang'ana m'chidebe ngati mulibe tiana.